Wotchi Yakuda ya Luiza

Linali Lachinayi, 9 koloko m'mawa itangodutsa ndi mphindi khumi, pamene a Domingo anaweramira pa tebulo lawo osadzukanso. Nthawiyo ndikuidziwa chifukwa mawotchi onse amene anali patebulopo ankanena chimodzimodzi. Ine ndinali kunsi kwa khonde, m'mbali mwa msewu, ndikukulungira munthu zitumbuwa. Ndinamva lezala likugwa pa simenti. Nditacheuka ndinaona chipumi chawo chili pa thabwa, ndiye ndinangoti akuyang'anitsitsa kanthu kakang'ono monga ankachitira masiku onse. Ndinawaitana, koma mawu anga ine samveka patali. Mwana wanga Gelesi ndi amene anakwera pakhonde kukawakoka malaya, kenaka n'kunditembenukira.

"Amayi, agogo akukana kudzuka."

Sanali agogo ake enieni. Kuno ku Nkope analibe m'bale ngakhale mmodzi. Anafika nkhondo ya ku Mozambiki ili mkati, ine ndidakali mtsikana pakhomo pa amayi anga. Othawa nkhondo anzawo ambiri anatsalira kumalire, kumene kunali misasa ndi chakudya cholandira, koma iwo anapitirira wapansi, kuwoloka Shire pa boma la Mangochi, mpaka kudzafika kuno ndi chitini cha zipangizo m'khwapa. Anthu ankadabwa nawo. Ena ankati ndi kazitape, ena ankati mutu unasokonekera ndi mfuti. Chifukwa chenicheni ndinadzachimva nditakwatiwa, nditayamba kugulitsa zitumbuwa pafupi ndi tebulo lawo.

Kwawo anali ndi akazi awo, mayi Mariya, ndi mwana mmodzi wamkazi, dzina lake Luiza. Apongozi awo aakazi anabadwira kuno ku Nkope, ndiye nkhondo itayamba kuyandikira, atatuwo anapangana kuti akadzabalalika, aliyense adzalowere ku Nkope, akapezane kumeneko. Tsiku limene mfuti zinalira m'tauni mwawo, Luiza anali atapita kuchigayo. A Domingo ndi akazi awo anathawira kutchire ndipo mwanayo sanamuonenso. Mayi Mariya anadwala m'njira n'kumwalira asanafike pamalire. A Domingo anafika okha. Abale a apongozi awo aja anapeza kuti ena anamwalira kale, ena anasamuka, pamalopo pangotsala mtengo wa mango ndi mulu wa dothi. Komabe anakhala. Ankati pangano lawo silinatchule nyumba ya munthu, linatchula Nkope, ndipo Luiza akadzafika ayenera kupeza wina woti amuuze kumene amayi ake anagona.

Ntchito yawo inali yokonza mawotchi, makamaka aja opanda mivi, ongoonetsa manambala pa kagalasi, amene anadzaza m'misika zaka zimenezo. Msodzi aliyense akapha bwino ankagula yake. Tebulo lawo linali pakhonde la golosale ya Che Amidu, koma osati kutsogolo kumene kumadutsa anthu. Analiika kumapeto kwenikweni, pakona, pamene dzuwa silifika kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Pambali pa mwendo wawo pankakhala mtsuko wa madzi. Che Amidu anayesa kangapo kuwasuntha.

"Che Domingo, malonda amafuna maso a anthu. Kumeneko mwabisala ngati mbewa."

"Anthu ali ndi miyendo, abwera okha," ankayankha osadzutsa mutu. "Mawotchiwa ndi amene alibe miyendo yothawira dzuwa."

Nkhani ya dzuwayi ndi imene inkawakanganitsa ndi asodzi. Kuno chinthu chilichonse chikanyowa timachiyanika. Usipa timayanika, chinangwa timayanika, ukonde, mphasa, ndalama zapepala, zonse. Ndiye wotchi ikalowa madzi panyanja, msodzi akangotsika m'bwato ankaivula n'kuiika pathandala pamodzi ndi usipa, kuti nayonso iume. Pofika masana nkhope yake yonse inkada ngati khala, manambala osaonekanso. Kenaka munthuyo ankathamangira kwa a Domingo, wotchi ili m'manja, yotentha ngati yachokera pamoto.

"Mwaiyanika," ankatero. Silinali funso. "Chabwino. Ndiye muidyera chiyani, tomato kapena nsinjiro?"

Ankawakalipira mpaka anthu kusonkhana, Chichewa chawo chikumasakanikirana ndi Chipwitikizi, koma manja ali pantchito. Wotchiyo ankaikulunga m'kansalu n'kuitsamiritsa ku mtsuko uja, kumene kumazizira. Kenaka ankamuuza mwini wake kuti akhale pansi, asiye kuyang'anayang'ana. Ankati mawotchi oterewa ena amangokomoka, ena amafa, ndipo munthu sangadziwe msanga, ayenera kudikira. Yokomoka ikazizira, mdima uja unkachoka pang'onopang'ono, manambala n'kubwerera. Yakufa inkakhala ndi banga lakuda loyambira m'mphepete, longa inki yotayikira, ndipo limeneli silinkachoka. Panalinso ina imene inkapsa pamwamba pokha, n'kufiirira ngati tsamba la fodya. Imeneyo ankaisenda ndi lezala, n'kutulutsa kapulasitiki kopyapyala kamene kamamatidwa pagalasi, n'kumatapo kena kodula ku makina akufa owerengera masamu. Makina oterowo ankawapempha m'magolosale onse mpaka ku Makokola.

Asodzi ankamva, ankavomera, ena ankapepesa. Sabata yotsatira wina ankabweranso nayo yotentha.

Ine chaka choyamba sitinkayankhulana kupitirira moni. Ndine wamanyazi chibadwire. Sukulu ndinalekezera panjira, ndipo pamaso pa akuluakulu lilime langa limalemera. Iwo sanandikakamize. M'mawa ankangoti, "Mwadzuka, amake Gelesi," ine n'kugwada pang'ono, basi. Chitumbuwa chikaphwanyika ndinkachiika pakona pa tebulo lawo osanena kanthu, iwonso ankadya osanena kanthu. Gelesi atayamba kukwawa ankathawira kumthunzi kwawoko, ndipo ankamuseweretsa ndi kagalasi ka wotchi kopanda batire. Ankakapaka pa tsitsi lawo la imvi, n'kukakhudza ndi chala m'mphepete, ndiye timizere takuda tinkatulukira tokha kwa kanthawi n'kuzimiririka. Gelesi ankaseka mpaka kugwa chagada. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu ataona zimenezi anandikokera pambali n'kundiuza kuti mwana ndisamamusiye kwa munthu wa mankhwala ngati ameneyo. Koma ine mwana sindinamuletse.

Tsiku lina la mvula, pamsewu palibe munthu, ndinathawira pakhonde ndi beseni langa. Anandikodola. Anandipatsa tipulasitiki tiwiri tija, totuwa pang'ono, n'kundiuza kuti nditisanjikize, ndiyang'ane kumsewu. Ndinaona msewu, mvula, mbuzi itabisala pansi pa ngolo.

"Tsopano tembenuzani kamodzi. Pang'onopang'ono."

Ndinatembenuza. Msewu unayamba kuda, kuda, mpaka kunada bii m'manja mwanga momwe, masanasana. Ndinadzidzimuka n'kutigwetsa. Tsiku limenelo ndi limene ndinawamva akuseka koyamba.

Anandifotokozera mwa njira yoti ngakhale ine ndimve. Ankati pakati pa timagalasi tiwiri ta wotchi pali timadzi tochepa kuposa dontho la msozi, koma si madzi ngati a m'nyanja. Timayenderera ngati madzi, koma m'kati mwake muli tinthu tosaoneka ndi maso timene timaima mondondozana, tonse kuloza kumodzi, monga umachitira usipa ukamayenda pamodzi. Moto wa batire ukatikhudza timatembenuka, ndipo pamene tatembenukapo kuwala kumakanika kudutsa pa kapulasitiki kaja, ndiye pamada, nambala n'kuoneka. Dzuwa likanyanya timabalalika, kalikonse kuloza kwake, nkhope yonse n'kuda. Kukazizira timabwereranso pamzere.

Sindikudziwa kuti mphamvu ndinaitenga kuti, koma ndinafunsa. "Nanga amatiuza ndani kuti tibwerere?"

"Palibe," anatero. "Ngati sitinatayike panjira, timabwerera tokha."

Pakona pawo paja, ngakhale panali pobisika, ankaona bwinobwino pamene pamaima malole ndi matola. Galimoto ikaima ankasiya chilichonse chimene chinali m'manja. Amuna otsika sankawasamala. Koma akatsika mzimayi wachilendo, ankaimirira, kuvula chipewa, n'kupita kukamufunsa mwaulemu kuti wachokera kuti. Ena ankayankha bwino, ena ankawayesa opempha, ena ankawaseka kuti mdala akufuna mkazi. Ankabwerera, kuvala chipewa, n'kutola lezala pamene analisiya.

Mnzawo weniweni anali mmodzi, a Mkwanda, ndipo ndi amenenso ankakangana nawo kwambiri. A Mkwanda ndi msodzi wa kuno, wamawu aakulu, ali ndi bwato lawo, ndipo usipa ukauma amapita nawo okha kukagulitsa kumsika wa kumalire, ku Chiponde. Ankasewera bawo ndi a Domingo pakhonde lomwelo, ankanamizirana kuba, ankatukwanana, mawa lake n'kuyambiranso. A Mkwanda ankawaitana kuti Mpwitikizi. A Domingo ankawaitana kuti Mkazinga Mawotchi, chifukwa anali atawononga angapo pathandala.

Chimene sindidzaiwala chinachitika m'nyengo yotentha, mvula isanagwe. A Mkwanda anatulukira kuchokera kunyanja akuponyaponya wotchi m'manja chifukwa inkawaotcha.

"Mpwitikizi! Usayambe kulalikira, ndavomera kale. Ndaiyanika. Inanyowa, nanga ndikanatani, kuifunditsa bulangeti?"

"Bweretsani kuno, wakupha inu."

A Domingo anailandira akukonzekera kukalipa monga mwa masiku onse, koma atangoiyang'ana anaisendeza pafupi ndi maso. Inenso ndinasuzumira. Mawotchi onse oyanikidwa amene ndinawaonapo ankabwera akuda. Iyi nkhope yake inali itayera yonse, mbee, popanda nambala ngakhale imodzi.

"Dzuwa limadetsa wotchi," anatero chapansipansi, ngati akudziyankhulira. "Iyi yayera bwanji?"

"Ndiye kuti ndaichiritsa," anaseka a Mkwanda. "Poyamba inali yakuda, yovuta kuwerenga. Waona? Thandala limachiza."

A Domingo sanaseke. Anaikulunga m'kansalu, koma kansaluko kanawagwa kawiri. Anaitsamiritsa ku mtsuko n'kudikira, manja pa mawondo. A Mkwanda anayamba nkhani ya mitengo ya usipa, anaona kuti palibe akuwamvera, n'kuisiyira panjira. Ine ndinali ndi wogula, koma ndinamupatsa zitumbuwa maso anga ali kumtsuko.

Patapita kanthawi a Domingo anaivundukula n'kuiika patebulo. Kuyera kuja kunali kukuchoka. Nkhope inayamba kuda kuchokera m'mbali.

"Aa, taona, ukuiwononga!" anakuwa a Mkwanda. "Ikudanso!"

Inada yonse. Ndipo mumdima umenewo munatuluka manambala oyera, otuwa ngati phulusa, timadontho tiwiri ta pakati tikuphethira. Inali wotchi yotembenuka, yakuda pamene zinzake zimayera, yoyera pamene zinzake zimada.

"Munaitenga kuti?" anafunsa a Domingo.

"Ku Chiponde, ulendo wathawu. Mzimayi wina analibe ndalama, ndiye anandipatsa imeneyi, ine n'kumupimira usipa. Bwanji, ndi yakuba?"

"Ndinaikonza ndine," anatero a Domingo. "Ndi ya Luiza."

Anatifotokozera mmene zinakhalira. Masiku amenewo kwawo, anthu a mfuti akakumana nawe panjira ankayamba kuyang'ana pamkono. Wotchi ankalanda, nthawi zina n'kukumenyanso. Luiza ankaikonda wotchi yake, sankafuna kuisiya kunyumba. Ndiye bambo ake anasenda kapulasitiki ka pamwamba n'kumatapo kena chotembenuza, kuti woiona patali aziyesa yakufa, yopsa ndi dzuwa. Anatilozera pakona pa galasi, pamene lezala linaterereka n'kudula mokhota. Anati tsiku limenelo Luiza anawaseka kuti bambo ayamba kukalamba.

Kenaka anawagwira a Mkwanda pamkono, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita kwa munthu.

"Anali wotani?"

"Mzimayi basi, achimwene." Dzina la Mpwitikizi linali litatha.

"Wamtali? Wamfupi?"

"Anali atawerama, akusankha usipa. Anali ndi mwana kumbuyo."

"Mwana!" anatero a Domingo. "Luiza ali ndi mpata pakati pa mano apa. Munauona?"

"Achimwene, munthu amene akusinthitsa wotchi yake ndi ndiwo saseka."

Che Amidu, amene anali atatuluka m'golosale n'kuima pakhomo, anayankhula mosamala. Anati wotchi imayenda m'manja ambiri, mwina mzimayiyo anaigula, mwina anaitola, mwina anapatsidwa ndi munthu amene anailanda. A Domingo sanakwiye. Anatsegula kuseri kwa wotchiyo n'kutulutsa batire ndi kachitsulo kawo kotolera tinthu.

"Batire ili si langa. Langa likanatha kalekale. Munthu wotola wotchi yakuda chonchi amaitaya, saigulira batire. Woigulira batire ndi amene akudziwa kuti ndi yamoyo."

Palibe anawatsutsanso. Kapena anali ndi zoona, kapena tinangowamvera chisoni, mpaka lero sindikudziwa.

A Domingo anaganiza zopita ku Chiponde pamodzi ndi a Mkwanda. Chifikireni ku Nkope anali asanachokepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo chimene chinkawavuta n'chakuti Luiza angafike iwo ali panjira. Dzulo lake la ulendowo anatsika pakhonde n'kudzanjuta pafupi ndi beseni langa.

"Amake Gelesi, ndikusiyirani katundu."

Ndinayesa akunena chitini cha zipangizo. Anapukusa mutu.

"Luiza akabwera ine kulibe, mumuuze izi. Amayi ake sanaphedwe. Muyambe ndi zimenezo, chifukwa ndi zimene wakhala akuganiza. Anadwala m'mimba, anamwalira ali m'manja mwanga, dzina lomaliza kutchula linali lake. Amayi awiri a m'mudzi umene tinafikamo anawasambitsa, sanaikidwe ngati chinyama. Manda ali kuseri kwa phiri limene lili ndi miyala iwiri yotsamirana, limaonekera ukachoka kwathu kulowera kumalire. Pali mtsinje wouma, pali mkuyu waukulu. Kum'mawa kwa mkuyuwo ndinaunjika miyala, pamwamba n'kuvundikirapo mbale yawo yachitsulo ya maluwa ofiira. Mbaleyo aidziwa."

Anandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Ndinasokoneza kum'mawa ndi kumadzulo, anandikonza, ndinabwerezanso. Kenaka ndinati bwanji osauza Che Amidu kapena abusa, anthu odziwa kuyankhula.

"Odziwa kuyankhula amawonjezera," anatero. "Inu mawu akalowa, amatuluka momwe analowera."

Anakhalako kupitirira sabata. Ine masiku onsewo galimoto iliyonse ikaima ndinkapemphera kuti atsike Luiza, komanso ndinkaopa kuti akatsika ndiyamba bwanji. Sanatsike. A Domingo anabwerera atawonda, mapazi atatupa. A Mkwanda anandiuza pambuyo pake kuti mdalayo anazungulira msika wonse, misasa, zigayo, pamijigo, akuonetsa wotchiyo kwa mzimayi aliyense. Ena ankati anamuonapo, koma wina ankaloza uku, wina uko. A Domingo atafika anakhala pampando wawo, anamwa madzi a mumtsuko, n'kundiyang'ana. Ndinapukusa mutu. Iwonso anapukusa wawo. Nkhani inathera pomwepo.

Ndinkayesa kuti wotchiyo aisunga pamtima. Koma m'mawa mwake anawaitana a Mkwanda n'kuwamanga nayo pamkono okha.

"Muzivala mukamapita kumalire. Ine Luiza sandiyembekezera kumeneko, koma inu ndi wotchiyi akuzindikirani. Mukamapima usipa muzipinda malaya." Kenaka anawaloza chala kumaso. "Koma mukadzaiikanso pathandala, ndidzakuyanikani inuyo."

A Mkwanda amaivala mpaka lero. Panyanja sapita nayo, amaisiya m'nyumba pansi pa mtsamiro.

Nkhondo itatha, mavuto awo anakula m'malo mochepa. Malole anayamba kunyamula anthu kubwerera kwawo. Anthu a kwawo awiri amene ankalima kufupi ndi boma anabwera kudzawatenga, akuti mdala tiyeni, mtendere wabwera, mukufuna kufera m'dziko la eni? Anawonjezera kuti ngati Luiza ali moyo ndiye kuti wabwerera kale kumudzi, akudikira kumeneko. A Domingo anawathamangitsa pakhonde ndi mawu amene sindingawalembe. Koma atapita, anawatumizira uthenga kuti akafika akafunse za Luiza, ndipo akamupeza akamuuze kuti bambo ake ali pamene anapangana.

Kuyambira pamenepo anasintha. Bawo anasiya. Asodzi akabwera ndi wotchi yotentha sankawakalipiranso, ankangoilandira n'kuikulunga, mpaka asodzi eniake anayamba kudandaula kuti mdala wadwala. Maso nawonso anayamba kufooka, moti kapulasitiki ankadula kawiri katatu kasanakwane. Tsiku lina masana, popanda moni kapena chiyambi, anandifunsa ali pampando wawo pomwepo.

"Amake Gelesi, mukanakhala inuyo, mukanapita kuti? Kumudzi kapena kuno?"

Ndinafuna kunena kuti kuno, kuti mtima wawo ukhale pansi. Koma anandisankha chifukwa sindiwonjezera.

"Sindikudziwa, agogo."

"Eya," anatero. "Inenso."

Nthawi zina, pakakhala palibe anthu, ankangoti, "Tanenani," ine n'kunena zonse kuyambira pa amayi ake sanaphedwe mpaka pa mbale ya maluwa ofiira. Ankamvetsera atatsinzina. Ndikamaliza ankagwedeza mutu n'kupitiriza ntchito.

Tsiku la Lachinayi lija, amuna atawanyamula n'kuwagoneka m'kachipinda kamene ankagonamo kuseri kwa golosale, panabuka funso la maliro. Kwathu kuno maliro amagona, kudikira abale akutali. Mkulu wina wa mpingo anati kunja kukutentha, ndipo palibe woti timudikire, bwanji tiike lero lomwe. A Mkwanda anadzuka mwaukali.

"Alipo woti timudikire!"

"Ali kuti, a Mkwanda? Titumize uthenga kuti?"

A Mkwanda anayang'ana pamkono pawo, anayang'ana kumsewu, n'kukhalanso pansi. Kenaka anati ngati ndi choncho, mdalayo sakaikidwa kumphepete ngati mlendo, akagona kumanda a banja lawo, pafupi ndi bambo awo omwe. Nsalu anapereka ndi Che Amidu. A Domingo anali a Katolika, anawaimbira ndi a Anglikani, ndipo Asilamu a pamsika anatseka mabenchi awo n'kubwera. Asodzi anadzaza manda. Pamaliro onse panalibe munthu wolira mokweza, chifukwa wolira choncho amakhala mwana kapena mlongo wake wa malemu. Ine ndinalira chamumtima, Gelesi ali pamiyendo panga akufunsa kuti agogo awatsekeranji m'bokosi.

Pobwera kumanda Che Amidu anabweza mawotchi kwa eni ake, okonzedwa ndi osakonzedwa omwe. Tebulo, mpando ndi chitini analowetsa m'golosale. Mtsuko anapatsa mayi wina woyandikana nawo.

Pakona paja panatsala poyera. Pasimenti pali mabanga anayi pamene panaima miyendo ya tebulo, ndi bwalo lakuda la chinyontho pamene pankakhala mtsuko. Pakhoma pali msomali umene ankapachikapo chipewa, ndi pamene mutu wawo unkatsamira, laimu anafufutika. M'ming'alu ya simenti muli tizidutswa ta pulasitiki totuwa timene tsache silitulutsa. Ndi pozizira kuposa pena paliponse pamsika, ndipo munthu woyenda pamsewu sangadziwe kuti pali munthu pokhapokha atayang'anitsitsa.

M'mawa mwake ndinakazinga zitumbuwa monga mwa masiku onse, ndinabereka Gelesi, n'kupita kumsika. Malo anga a m'mbali mwa msewu ndinawadutsa. Ndinakwera pakhonde n'kuika beseni pakati pa mabanga anayi aja. Che Amidu anali akutsegula mawindo.

"Amake Gelesi, pamenepo simugulitsa. Sipaoneka."

"Ndikudziwa, Che Amidu."

Anandiyang'ana, analowa m'golosale, n'kutuluka ndi mpando uja. Anandiikira pakonapo n'kubwerera ku mawindo ake.

Lole yoyamba inaima dzuwa litakwera. Anatsika amuna atatu ndi madengu, kenaka mzimayi amene sindinamuonepo, wa msinkhu woposa wanga pang'ono, chikwama pamutu. Ndinatsika pakhonde, ndinayenda mpaka pamene anaima, n'kugwada pang'ono.

"Pepani mayi, mwachokera kuti?"

Sanandimve. Injini inali ikulira, ndipo iye ankayang'ana kwina, akumanga chitenje. Ndinafunsanso, mokweza kuposa mmene ndinayankhulirapo pamsika umenewu, mpaka amuna a madengu aja anacheuka.

"Ku Monkey Bay," anatero modabwa. "Ndabwera kwa achemwali anga. Bwanji, mukundidziwa?"

"Ayi, pepani. Ndimayesa munthu wina."

Anandifunsa njira ya kuchipatala, ndinamulozera. Kenaka ndinabwerera pakona, ndinakhala pampando, n'kuvundikira zitumbuwa ndi nsalu chifukwa pamthunzi zimazizira msanga. Lole ina inali ikumveka kuchokera ku Mangochi.